Kalata kwa Makolo Potseka Temu Yoyamba: Za Ana Ofuna Udokotala

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana athu,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi aphunzitsi anzanga onse. Temu yoyamba yatha ndipo ana akubwera kwanu ndi malipoti awo. Chonde lipotilo muliwerenge muli pansi pamodzi ndi mwini wake, musangofunsa kuti wakhala nambala chani. Ndikudziwa kuti mvula yagwa ndipo anawa mukuwafuna kumunda. Akuthandizeni ndithu, koma madzulo muziwasiya atseguleko buku.

Chitulukireni zotsatira za MSCE, makolo sakutha phazi ku ofesi kwanga, ndipo funso lawo ndi limodzi: mwana wanga akufuna udokotala koma magiredi sanafike, awonjezere chiyani? Ndaona kuti ndiyankhe kamodzi m'kalata ino, kuti ndi inu a ana a Fomu 2 ndi Fomu 3 mumvere limodzi nthawi ikadalipo.

Tiyambe ndi kawerengedwe ka mapointi, poti apa ndi pomwe ambiri timasokonekera. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, 9 ndi kulephera. Mapointi omwe timanyadira aja amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wachita bwino koposa, Chingerezi chili momwemo. Koma sukulu ya udokotala siyang'ana chiwerengero chokhacho. Ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, diso lawo limakhala pa Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Malo ndi ochepa, ofuna ndi a dziko lonse.

Mwezi watha kunabwera bambo wina wa cha ku Bembeke, ndalama za mbatata ya kachewere atazikulunga m'kajumbo, n'kuziika pa tebulo langa tisanamalize n'komwe kupatsana moni. Amafuna kuti mwana wawo wamkazi alembenso, ndipo awonjezere History, poti wina anawauza kuti imeneyo ndi yosavuta, itsitsa mapointi. Ndinawapempha pepala la zotsatira. Mtsikanayu Agriculture, Chichewa ndi Bible Knowledge anakhoza mochititsa kaso, mapointi ake ooneka bwino ndithu, oti pamudzi n'kuphera nkhuku. Koma Chemistry ndi Masamu anangokwawira pa credit yomaliza, Physics osafika n'komwe. Ndinawauza bambowo kuti ngakhale History atapeza giredi 1, chitseko cha udokotala chikhalabe chotseka, chifukwa bala lili kwina ndipo iwo akufuna kumanga mwendo wabwinobwino. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ahedi, ndiye ndikanataya mbatata yanga." Ndalama ija anabwerera nayo tsiku limenelo, kuti tiyambe taganiza bwino.

Choncho langizo langa ndi ili: kuwonjezera maphunziro sikutanthauza kuchulukitsa mayina pa fomu yolembetsera mayeso. Mwana wolemba maphunziro khumi amagawa usiku wake pakhumi. Wofuna udokotala awonjezere maola pa maphunziro asanu aja, makamaka pomwe pagona vuto, ndipo ena onse akhale ongokwaniritsa chiwerengero. Additional Mathematics ndi yabwino kwa mwana yemwe Masamu wamba amawamwa ngati phala. Kwa yemwe akuvutika kale ndi katundu wongomuthyola khosi.

Musanalipire aliyense, werengani chikalata chomwe bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, limatulutsa poitana ofuna malo m'mayunivesite aboma. M'menemo ndi momwe mumalembedwa maphunziro ofunika pa kosi iliyonse ndi zaka za mayeso zomwe zikulandiridwa. Chimenechi ndicho chikuuzeni ngati mwana ayenera kulembanso zonse kapena ayi. Ife timachipachika pa bolodi la ku ofesi, ndipo amene kuwerenga Chingerezi kumawavuta abwere, tiwerengera limodzi. Musadalire zomva pa WhatsApp kapena kwa mnzanu yemwe mwana wake analemba zaka khumi zapitazo, nthawi yomwe Physics ndi Chemistry zinali phunziro limodzi la Physical Science.

Njira zobwerezera zilipo zingapo. Ena amabwereza Fomu 4 yonse, ena amalowa sukulu ya open masana, ena amalembetsa ngati external n'kumaphunzira kwa mphunzitsi wa part-time. Iliyonse mwa izi yathandizapo ana, koma pa sayansi funso langa ndi limodzi, ndipo nanunso mulifunse musanatulutse kwacha: kodi kumeneko kuli labu? Mayeso a sayansi ali ndi pepala la practical. Ndinayang'anirapo mayeso oyeserera m'nyengo yozizira ija ya kuno ku Dedza, pomwe zala zimachita kuuma. Mnyamata wina wochokera ku part-time, manotsi onse ali pamtima, anapatsidwa burette, kachubu kagalasi kodonthezera asidi, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake. Amadziwa bwino lomwe kuti madzi a pinki aja ayenera kuyera asidi akakwanira, koma kampopi anakatsegula konse, asidi n'kukhuthukira m'botolo ngati akuthirira dimba. Anayang'ana ine, ine n'kuyang'ana kumbali. Chinthu chimenechi sichiphunziridwa pa bolodi. Dzanja liyenera kuzolowera kudontheza dontho limodzilimodzi, diso lili pa mzere. Sukulu ya part-time yomwe ili ndi mabenchi ndi choko basi ingathandize pa Masamu ndi Chingerezi, koma pa Chemistry, Physics ndi Biology mwana apeze kogwirako zipangizo.

Chenjeraninso ndi anthu olonjeza likasa. Simunaiwale kuti mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa anabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Wouza mwana wanu kuti ali ndi mapepala a chaka chamawa akufuna ndalama zanu basi, ndipo mwana akagwidwa ndi mapepalawo, wogulitsa uja sadzaonekanso.

Kwa inu a ana a Fomu 2: chaka chamawa akalowa Fomu 3 adzasankha maphunziro. Ambiri amathawa Physics kapena Chemistry chifukwa anzawo awaopseza, kenako pofika Fomu 4 ndi pomwe amakumbuka kuti amafuna udokotala. Pamenepo zimakhala zovuta kubwezeretsa zaka ziwiri m'miyezi yochepa. Kambiranani nawo tchuthi chino.

Pali china chomwe ndimachita nacho manyazi kufunsa pamaso, ndiye ndifunsire muno. Udokotalawu akuufuna ndi mwanayo, kapena ndi inu? Kosi ya udokotala, yotchedwa MBBS, imatenga zaka zisanu ndi chimodzi kuphatikiza chaka choyamba cha maziko a sayansi, ndipo akamaliza amakagwira kaye ntchito moyang'aniridwa m'chipatala chachikulu asanaime payekha. Ngongole ya boma ya ophunzira a m'mayunivesite ilipo, koma sopo, thiransipoti yopita ku Blantyre ndi zina zimachokerabe m'munda mwanu. Mwana wokankhidwa safika patali pa ulendo wotere. Ndipo ntchito za chipatala si udokotala wokha. Ku KUHeS komweko kuli unamwino ndi uzamba, za mankhwala, za mano, za mulabu ndi physiotherapy. Malawi College of Health Sciences ili ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, ndipo imaphunzitsa ma clinical officer, omwe ambiri a ife timangowatchula kuti adokotala tikapita kuchipatala cha boma. Kulinso makoleji a mishoni monga Nkhoma ndi Malamulo. Nawonso amafuna ma credit a sayansi, kotero ntchito yokonza magiredi ija sipita pachabe. Ine ndimaona kuti kubwereza kamodzi n'koyenera ngati mwana anaphonya pang'ono ndipo mtima ulipo. Kubwereza kachitatu, anzake akupita patsogolo, kumafuna kukhalirana pansi kaye.

Ife ngati sukulu, temu ikubwerayi tidzatsegula labu Loweruka lililonse m'mawa kwa ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndiponso kwa ana athu akale omwe akulembanso. Sitidzalipiritsa, koma wothyola chipangizo mwa masewera adzabweza. Loweruka loyamba tikatsegulira mu Januwale ndikupempha makolo onse okhudzidwa ndi nkhaniyi mubwere nthawi ya 9 koloko m'mawa. Mudzatenge pepala la zotsatira kapena lipoti la temu ino, ndipo mwanayo adzabwere nanu, adzadziyankhulire yekha. Ndalama zolembetsera mayeso musapereke kwa munthu wapanjira. Lipirani motsata njira yomwe MANEB yalengeza, ndipo lisiti mulisunge.

Pomaliza, ana omwe atenga mabuku a mulaibulale awasamale ku mvula ndi chiswe, adzabwere nawo tsiku lotsegulira.

Ndikufunirani Khirisimasi yabwino ndi mvula yokoma.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu