Kuwina mphoto sikuti ndiye wafika kale

Akonzi,

Ine sindikugwirizana nayo nkhani ija munalemba yoti mwana akangowina mphoto ya madalaivala achinyamata ndiye kuti basi adzakhala katswiri wa Formula 1. Mipikisano ya magalimotoyi ndayitsatira zaka zambiri pa TV ndipo zomwe ndaona nzosiyana.

Tengani mphoto ya Autosport BRDC ya ku Britain yomwe inayamba mu 1989. Inde woyamba kuwina anali David Coulthard, Jenson Button anaitenga mu 1998 nkudzakhala champiyoni wa F1 wa dziko lonse lapansi mu 2009, George Russell ndi Lando Norris nawonso anadutsa momwemo. Koma anthufe timangokumbukira awawa, nanga enawo omwe anawina nkuzimirira osathamanga ngakhale mpikisano umodzi wa F1 bwanji sitiwatchula? Komanso Lewis Hamilton amene watenga ukatswiri ka 7 mphotoyi sanaiwinepo nkomwe, timu ya F1 ya McLaren inali itamutola kale ali kamnyamata.

Vuto ndi ndalama. Luso likhalepo, koma kuti mwana athamange sizoni imodzi ya Formula 2, mpikisano wapansi pa F1, pamafunika mamiliyoni a madola ndiye ngati palibe kampani yomuthandiza kapena bambo wachuma amangothera panjira, chikho chikuchita fumbi pa shelefu.

Pempho langa nloti okonza mphotozi asamangopereka tsiku loyesa galimoto ya F1 ndi ndalama yosakwana sizoni, azimulipirira wowinayo mpando kwa masizoni awiri atatu. Nanunso atolankhani muzitiuza komwe anathera owina akale onse, osati otchuka okhawo.

Wokonda mipikisano ya magalimoto