Ana akapita ku myuziyamu aziloledwa kukoka chingwe

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndidandauleko pa nkhani ya maulendo a ana asukulu opita ku myuziyamu, chifukwa zomwe ndinaona mwezi wathawu zikundikhalabe pamtima. Ine ndinaphunzitsa sayansi ku pulayimale zaka zambiri ndithu, panopa ndinapuma, ndiye aphunzitsi ena omwe ndimadziwana nawo anandipempha kuti ndikawathandize kuyang'anira ana pa ulendo wawo poti anawo anali ambiri, ine ndikuti palibe vuto tiyeni, kukhala pakhomo nakonso kumatopetsa.

Titafika anatilandira bwinobwino, sindinganame. Koma abambo otionetsa zinthu aja anali ndi changu ngati akuthamangira basi, ana anawaika pa mzere, kenako basi uyu ndi makina akuti anapangidwa chaka chakuti, osagwira, tiyeni kutsogolo, uyu ndi wakuti, iwe chotsa dzanja, tiyeni. Aphunzitsi nawo anali atagawa mapepala oti ana adzaze mayina ndi zaka, ndiye mwana aliyense maso anali pa kachikwangwani ka pansi paja kukopera, chinthu chenichenicho chili pamwamba pake osachiyang'ana n'komwe. Ndinaima kumbuyo ndikuona mitu yonse yowerama ngati ali mu mayeso.

Panali injini yakale ya nthunzi, yaikulu, ili ndi chigudumu chachitsulo pambali chotalika kuposa ineyo. Titadutsa ndinafunsa mnyamata wina wochenjera bwino kuti iwe, chigudumu chija ntchito yake n'chiyani? Anayang'ana pa pepala lake, sanapeze, kenako akuti mwina n'chokongoletsa. Sindinamuseke, analakwa chiyani mwana, palibe anamuuza. Chonsecho nkhani yake ndi yosavuta, pisitoni, chitsulo chomwe nthunzi imakankha uku ndi uku mkati mwa injini, imakankha mwa apo ndi apo, ikafika kumapeto kwa ulendo wake imakhala ngati yaima kaye, ndiye chigudumu cholemeracho chikayamba kuzungulira sichifuna kuima, chimapitiriza n'kudutsitsa makinawo pamalo pofooka paja. N'chimodzimodzi gudumu lalikulu la pansi pa makina osokera opalasa ndi mapazi, ndipo makina osokera otero analipo m'chipinda chotsatira, koma palibe anagwirizanitsa ziwirizo.

Chomwe chinandipangitsa kulemba kalatayi chinachitika kumapeto, titatsala ndi mphindi zochepa. Pakona pena panali zingwe zolendewera ndi matumba a mchenga, olemera mofanana, lina lomangidwa pa pulley imodzi, kagudumu kodutsapo chingwe, lina pa ma pulley angapo chingwe chake chikukwera ndi kutsika kanayi. Apa pokha ndi pomwe panalembedwa kuti yesani. Mtsikana wina wochepa thupi, yemwe ulendo wonse sanalankhule, anakoka choyambacho mpaka kulendewera nacho, thumba linangosuntha pang'ono. Anapita pa chachiwiri, kukoka kamodzi thumba nyamu, iye kudabwa mpaka kuyang'ana kumbuyo ngati wina akumuthandiza. Anakokanso, nakokanso, kenako anayang'ana pansi pomwe chingwe chinaunjikana pamapazi pake n'kunena kuti koma ichi chikutinamiza, ndakoka chingwe chambirimbiri koma thumba langokwera pang'ono.

Akonzi, ine tsitsi linandiima. Zaka zonse zija ndinkalemba pa bolodi kuti makina sachepetsa ntchito, amangokupatsa mpata wogwiritsa mphamvu yochepa pa mtunda wautali, ana n'kuloweza, n'kukhoza mayeso, koma sindikumbukira mwana ngakhale mmodzi yemwe anazitulukira yekha n'kukwiya nazo ngati anachitira mtsikanayu. Thumba la makilogalamu 40 likapachikidwa pa zingwe zinayi, m'manja mumamva ngati 10, mwina kuposerako pang'ono chifukwa magudumu aja amakhulana, koma kuti likwere mita imodzi muyenera kukoka mamita 4. Palibe chaulere pamenepo. Ndinagwada pansi tinayeza limodzi ndi mikono, anzake anayamba kuunjikana kukanganirana, ndipo nthawi yomweyo wina anakuwa kuti nthawi yatha aliyense atuluke.

Ndiye funso langa ndi lakuti, bwanji ulendowo sunayambire pa kona imeneyo?

Makina osavuta omwe timaphunzitsa alipo 6 okha basi, lever (mtanda wotsamira pa chinthu wotukulira katundu), gudumu ndi ekiselo yake, pulley, thabwa lotsamiritsa lokwezerapo katundu, chosongoka chong'ambira ngati nkhwangwa, ndi sikuluwu. Mwana akazimva zimenezi m'manja mwake, myuziyamu yonse imasanduka masewera osakasaka, chifukwa chimakina chilichonse chakale ndi zinthu zomwezi zongolumikizidwa. Injini ya Thomas Newcomen ya mu 1712, yomwe inkapopa madzi m'migodi ku England, pamwamba pake pali chimtanda chachikulu chopendekera uku ndi uku, imeneyo ndi lever, yomweyo ili pa sizasi ndi pa wilibala. Makina osindikizira a Johannes Gutenberg ku Mainz cha m'ma 1450, chomwe chinkapanikiza pepala pa zilembo ndi chisikuluwu chachikulu chamtengo, nzeru yomwe anthu ankagwiritsa kale pofinya mphesa. Ndipo sikuluwu mukaionetsetsa ndi njira yotsetsereka yomwe yakulungidwa pa mtengo, dulani pepala la makona atatu mulikulunge pa pensulo muone, ana amakonda kwambiri kameneko.

Nkhani yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi ya James Watt, ndipo ndimadabwa kuti sitiifotokoza bwino. Ambiri timangouza ana kuti anatulukira injini ya nthunzi, zomwe sizoona kwenikweni, injiniyo inalipo kale iye asanabadwe. Watt anali wokonza zipangizo pa yunivesite ya Glasgow, ndipo cha mu 1763 anamupatsa kainjini kakang'ono ka mtundu wa Newcomen, kophunzitsira ophunzira, kuti akakonze. Pokaseweretsa anaona kuti kakudya nthunzi yambiri mosayenera, chifukwa ulendo uliwonse silinda, chibekete chomwe pisitoni imayendamo, inkatenthedwa kenako n'kuziziritsidwa ndi madzi, kutenthedwanso, kuziziritsidwanso, moto wambiri kumangothera pamenepo. Mu 1765 ndi pomwe anaganiza zoti nthunziyo izikazizirira m'chotengera china chapadera silinda ikhalebe yotentha, ndipo mu 1769 analembetsa nzeruyo kuti ndi yake. Kainjini kaja kakusungidwabe ku myuziyamu ya Hunterian ku Glasgow konko. Taganizani, chinthu chomwe chinasintha mafakitale chinayambira pa kachitsanzo ka m'kalasi komwe munthu analoledwa kukagwira ndi kukamasula. Akanamuuza kuti osagwira, kaya.

Abale awiri aja a Wright nawonso, Wilbur ndi Orville, anali okonza ndi kugulitsa njinga ku Dayton ku America. Ndege yawo yomwe inauluka pa 17 Disembala 1903, ulendo woyamba masekondi 12 okha mtunda wosakwana mamita 40, mapulopela ake ankazunguliridwa ndi matcheni ndi magiya a mano ngati a njinga. Mwana yemwe anabwezerapo tcheni itagwa, manja bii ndi girisi, amaimva nkhani imeneyi msanga kuposa amene wangoloweza deti.

Ndikudziwa a ku myuziyamu ayankha kuti zinthu zakale sizingagwiridwe ndi aliyense, ndipo akunena zoona, thukuta la m'manja limadya chitsulo, mtengo wakale umathetheka, ana mazanamazana akamagwira tsiku ndi tsiku palibe chingatsale. Ine sindikupempha kuti atsegule magalasi ayi. Ndikupempha kuti pambali pa chinthu chenichenicho pazikhala china chongopanga, chotchipa, choti chikathyoka kalipentala akonza mawa lake. Mtanda ndi mwala wotsamirapo, thabwa ndi mgolo, jeke ya galimoto yakale, magiya awiri a thabwa, lalikulu ndi laling'ono, mwana azipukusa n'kumawerenga kuti laling'ono lazungulira kangati lalikulu likazungulira kamodzi. Zimenezi si nzeru zatsopano. Oskar von Miller atayambitsa Deutsches Museum ku Munich mu 1903 ankafuna kuti alendo azidina mabatani ndi kupukusa zinthu okha. Frank Oppenheimer, yemwe anaphunzitsapo sayansi ku sekondale, anatsegula myuziyamu ya Exploratorium ku San Francisco mu 1969 ndi maganizo omwewo, mpaka malo okonzera zinthuzo anawasiya poonekera kuti alendo aziona amisiri akugwira ntchito. Ena adzati amenewo ndi a ndalama, inde, koma chomwe chinagwira mtima wa mtsikana uja chinali chingwe, timagudumu ndi mchenga.

Komanso tisamangoloza chala a myuziyamu, aphunzitsi anzanga nafenso tili ndi mlandu, ine ndemwe ndinkachita zomwezi. Timatenga ulendowu ngati tsiku lopuma, tikawerenga ana pokwera ndi potsika ndiye kuti ntchito yatha, zotsalazo aone wotionetsa uja, ife tili pa foni kapena tikujambulitsa. Mphunzitsi amayenera apiteko yekha kaye ulendo usanachitike, aone zomwe zilipo, asankhe zinthu zitatu kapena zinayi basi zoti ana akaimepo nthawi yaitali, zinazo angodutsa. Kuona zinthu 100 mu ola limodzi n'kusaona kanthu. Ndipo pepala lija lisamafunse chaka, chaka chili pa chikwangwani sichithawa, lizifunsa kuti munthu ankagwira pati, mphamvu ikulowera pati ndipo ikutulukira pati, ukachotsa gudumu ili chingachitike n'chiyani, ntchito imeneyi ankaigwira bwanji makinawa asanabwere ndipo ankaigwira ndani. Funso lomalizali limabweretsa mbiri yeniyeni, ya anthu omwe misana inkawawa, osati mndandanda wa mayina a azibambo otchuka okha. Paja zinthu zambiri zomwe timadalira sitidziwa n'komwe anayambitsa ndani, gudumu lilibe mwini, ngakhale mtengo wautali wotungira madzi mu Nile uja, wokhala ndi cholemera kumbuyo kwake, alimi a ku Egypt ankaugwiritsa zaka zambirimbiri Archimedes, katswiri wakale wa masamu wa Chigiriki, asanabadwe n'kudzafotokoza masamu a lever.

Kujambula nakonso kumathandiza kwambiri, osati ndi foni, ndi pensulo. Mwana ukamuuza kuti jambula makina awa amakakamizika kuyang'ana kuti lamba uyu akuchokera pati akupita pati, ndipo pomwe wasokoneza pa chithunzi ndi pomwe sanamvetse, mphunzitsi umadziwiratu poyambira.

China chomwe chinandiwawa, pa zingwe paja anyamata akuluakulu ndi omwe anathamangira kutsogolo kukaonetsa mphamvu, atsikana ambiri anaima kumbuyo manja kumsana, mtsikana uja anapeza mpata chifukwa choti anyamatawo anatopa nazo n'kuchoka. Aphunzitsi tiziona zimenezi, tizigawa timagulu ta ana asanu kapena asanu ndi mmodzi aliyense akoke, ndipo wochepa mphamvuyo ndi amene aziyamba chifukwa kusiyana kwake amakumva bwino ndi iyeyo.

Pobwerera mtsikana uja anadzakhala pafupi nane, tayenda pang'ono akundifunsa kuti agogo, nanga titaika ma pulley ambirimbiri munthu mmodzi angakoke basi ino? Ndinamuuza kuti pali nkhani yakale yomwe imanenedwa ya Archimedes wa ku Syracuse, kuti anakoka chombo chodzaza katundu yekha ndi njira yomweyo mfumu ikuonerera, koma ndinamufunsanso kuti chingwe chake chingatalike bwanji ndipo magudumu onsewo akamakhulana mphamvu yake izithera kuti. Anakhala chete akuwerenga zala mpaka tinafika.

Ndapempha aphunzitsi ake kuti andipatse piriyodi imodzi Lachisanu likubwerali, avomera. Chingwe ndapeza kale, ma pulley awiri ndabwereka kwa mnzanga wina makaniko, chatsala ndi kupeza nthambi yolimba yoti tikamangepo ndi tepi yoyezera, chifukwa mikono yanga ndi ya mwana uja sinkagwirizana.

Ndine,
Mphunzitsi wopuma