Lipoti la ulendo wa ku London: filimu ya Alexander McQueen ndi zomwe zinakambidwa

A Wapampando, a Mlembi, amayi ndi abambo atelala anzanga,

Munandituma kuti ndikaimire gulu lathu pa msonkhano wa osoka ndi ophunzira ntchito yosoka womwe unachitika ku London Loweruka lapitali. Ndinakwera sitima ya m'mamawa pa Leeds, n'kukatsikira pa King's Cross, ndipo ndinafika zinthu zisanayambe. Pulogalamu inali yoti tionere filimu yotchedwa McQueen, yonena za moyo wa Alexander McQueen, wokonza zovala wotchuka wa ku Britain, yomwe Ian Bonhôte ndi Peter Ettedgui anatulutsa mu 2018, kenako tikambirane. Si sewero ayi. Ndi makanema enieni a mwini wakeyo, ena ojambulidwa ndi anzake m'nyumba, pamodzi ndi achibale komanso amene ankagwira naye ntchito akufotokoza zomwe ankazidziwa. Imatenga pafupifupi maola awiri.

Ndisakubisireni, ndinanyamula kope poganiza kuti ndikakopera masitayilo oti tizisokera makasitomala athu a zinkhoswe ndi maukwati. Kope lija ndabwera nalo lilibe diresi ndi limodzi lomwe. Zimene ankaonetsa munthu ameneyu palibe mayi angavale n'kukalowa nazo m'tchalitchi. Chimene ndakutengerani ndi china: mbiri yonse ija inayambira pa sizasi ndi choko.

Lee Alexander McQueen anabadwa mu 1969 ku Lewisham, n'kukulira ku Stratford, kum'mawa kwa London. Anali chitsirizira m'banja la ana 6, bambo ake oyendetsa takisi, mayi ake mphunzitsi. Sukulu anailekeza ali ndi zaka 16 n'kukayamba kuphunzira ntchito kwa Anderson & Sheppard pa Savile Row, msewu wa atelala osoka masuti a anthu olemera. Atachoka apo anadzera kwa Gieves & Hawkes, kenako kwa osoka zovala za zisudzo, mpaka anakafika ku Milan kukagwira ntchito kwa Romeo Gigli. Pomwe ankalowa pa sukulu ya Central Saint Martins, anzake ambiri ankadziwa kujambula pa pepala, iye ankadziwa kale mmene phewa la jekete limakhalira, ndi pomwe nsalu imafunika kuikokera ndi simbi kuti igone bwino pamsana. Fizi anamulipirira azakhali ake. Zovala zomwe anatsirizira maphunziro mu 1992 anazigula zonse mayi wina wa magazini a mafashoni, Isabella Blow, ndipo naye ankalipira pang'onopang'ono ngati mmene amachitira makasitomala athu ena aja. Pamenepo m'holo anthu anaseka, ine ndinangogwedeza mutu.

Gawo lomwe linandigwira mtima kwambiri ndi la zaka zoyambirira. Analibe ndalama. Nsalu ankagula ndi thandizo lomwe boma limapereka kwa osowa ntchito, n'chifukwa chake atolankhani akabwera ankabisa nkhope kuopa kuti a boma angamuzindikire. Anzake ankamuthandiza osalandira kanthu. Koma pa umphawi wonsewo chovala chinkagona pathupi, chifukwa chinali chodulidwa bwino. Muli malo ena m'filimumo pomwe akuoneka atagwira sizasi, akudula nsalu ili pa chidole choyesera, opanda patani, dzanja losanjenjemera. Bambo wina wachikulire yemwe ndinakhala naye moyandikana, amene wakhala akudula masuti moyo wake wonse, anandinong'oneza kuti kudula kotero si kulimba mtima, koma ndi zaka zodula motsata patani mpaka diso litaloweza. Ngakhale thalauza lake lija lotsika kwambiri m'chiuno, lomwe anthu ankaliona ngati chipongwe, mwini wake ankati cholinga chinali kutalikitsa thupi kuchokera m'khosi kutsika ndi msana. Zinali nzeru za munthu woyeza.

Za zionetsero zake sinditaya nazo nthawi, mudzaona nokha. China anaika mtsikana wovala diresi loyera pakati pa makina awiri a m'fakitale, makinawo n'kumupopera penti wakuda ndi wachikasu anthu akuonerera. Mphoto ya wokonza zovala wopambana ku Britain anaiwina kanayi.

Pokambirana, mkangano unabuka pa chionetsero cha mu 1995 chotchedwa Highland Rape, pomwe atsikana anatuluka atavala zong'ambika, akuyenda ngati ozunzidwa. Nyuzi za nthawi imeneyo zinati amadana ndi akazi. Iye anayankha kuti ankanena za nkhanza zomwe England inachitira anthu a kumapiri a Scotland, kwawo kwa makolo a bambo ake. Filimuyo ikuonjezera zakuti ali mwana anaona mchemwali wake wamkulu akumenyedwa ndi mwamuna wake, ndipo mwamuna yemweyo anamuchitanso nkhanza iyeyo. Ophunzira achinyamata ambiri anamuikira kumbuyo. Amayi awiri achikulire anati kaya cholinga chinali chotani, amene anayenda ali wong'ambikiridwa pamaso pa anthu anali mwana wamkazi wa munthu. Ine nditafunsidwa ndinati ndikumvetsa kumene ululu wake unachokera, koma ndili kumbali ya amayiwo. Ngati ndinalankhula mosemphana ndi maganizo a gulu, mundidzudzule pa msonkhano wathu.

Tsopano pomwe nkhani inafika pa ife. Mu 1996, ali ndi zaka 27, anamutenga kukhala mkulu wokonza zovala ku kampani ya Givenchy, ku Paris, kulowa m'malo mwa John Galliano. Kampani yake ya ku London sanaisiye. Ndalama za ku Paris ndi zomwe zinkayendetsa ya ku London, ndiye munthu mmodzi ankasenza nyumba ziwiri, chionetsero chikatha china chili pakhomo. Mu 2000 a Gucci anagula magawo 51 pa 100 alionse a kampani yake, ndalama zinachuluka, koma ntchito siinachepe. Ukamaonera umachita kuona munthu akusintha: mnyamata wonenepa, woseka, wokonda agalu ake uja akusanduka wowonda, wokwiya msanga, wodalira mankhwala ozunguza bongo. Amene anayamba naye limodzi anachoka mmodzimmodzi. Ankati sangapume chifukwa pali anthu ambiri amene akudya kudzera mwa iye. Isabella Blow anadzipha mu 2007. Mayi ake a McQueen anamwalira pa 2 February 2010, ndipo pa 11 February, kutatsala tsiku limodzi kuti aikidwe, naye anadzipha. Anali ndi zaka 40.

Magetsi atayaka m'holo munali zii. Woyamba kulankhula anali mayi wosoka madiresi a ukwati, ndipo sananene za McQueen. Ananena za iye mwini, mmene amavomerera ntchito iliyonse chifukwa choopa kuti kasitomala akapita kwina sadzabweranso. Ndinakumbukira mmene timakhalira ife chikondwerero cha 6 July chikamayandikira: tachoka ku shifiti ya usiku, zitenje zili mulu pampando, foni ikungolira, munthu n'kupondabe makina mpaka mbandakucha. Tonse tikudziwa kuti zovala zomwe zimabwezedwa ndi zomwe tinadula tili ndi tulo m'maso.

Sitima yobwerera isanakwane ndinadzera pa Savile Row pomwepo. Ndi kamsewu kakafupi, sungakaganizire. Gieves & Hawkes akadali pa nambala 1, koma Anderson & Sheppard anasamukira pa Old Burlington Street, kuseri kwake. M'nyumba zina zipinda zosokera zili pansi, moti ukaima panjira n'kusuzumira umaona matebulo odulirapo, mapatani a mapepala olimba atapachikidwa, majekete ali ndi ulusi woyera wogwirizira. Suti ya kumeneko imadya maola osachepera 50 a ntchito yamanja. Ndinaima pamenepo mpaka ndinadzimvera manyazi.

Pempho langa ku gulu ndi ili. Tipatule Loweruka limodzi pamwezi loti tiziphunzitsana kuyeza ndi kudula basi, makina osawakhudza. Tili ndi abambo awiri pakati pathu amene anaphunzira kudula majekete kumudzi asanabwere kuno, ndipo ambirife timangowatumizira ntchito ikativuta m'malo mokhala pansi n'kuona mmene amachitira. Tiyambe ndi phewa ndi mkono, poti ndi pamene ambiri timagwa. Ndikupemphanso kuti tigwirizane zoti wina ntchito ikamuchulukira azinena pagulu lathu la WhatsApp n'kugawirako anzake, kasitomala akhalebe wake, m'malo mogona pa makina. Za kagawidwe ka ndalama yake a Komiti atitsogolere.

Filimuyo ndi yoti tidzaonere limodzi, koma ana tidzawasiye kunyumba: muli kutukwana, maliseche ndi nkhani ya kudzipha. Malisiti a sitima ndi chakudya ndapereka kwa a Msungichuma pamodzi ndi chenji. Pempho la maphunziro likavomerezedwa, aliyense adzabwere ndi sizasi yake, tepi, choko ndi jekete lakale limodzi loti tidzalisomole.

Ine nthumwi yanu.