Ndasambira mu mtsinje wopanda ng'ona

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku San Antonio tilipo, kungoti dzuwa la ku Texas latiwamba ngati mlamba pa waya. Usamanyadirenso kutentha kwa ku Chikwawa, kuno kulinso eni ake.

Sabata yathayi tinathawira ku mtsinje. Mnzanga wina wa kuntchito anatibwereka tenti, ife n'kulongedza mbaula, ufa ndi ana m'galimoto, ulendo wa ku Blanco State Park. Ndi ola limodzi kuchokera kuno, kulowera kumpoto pa msewu wa 281. Ukamva zoti paki usaganize za Lengwe kapena Majete. Kameneka ndi kamalo ka maekala 105 basi, kotsata gombe la mtsinje wa Blanco mtunda wa mailosi imodzi, ndipo kali m'tauni mwenimweni. Titazindikira kuti mchere taiwala kunyumba, ndinangoyenda wapansi kukagula kusitolo.

Koma madzi ake, iwe! Dzina loti Blanco ndi la Chisipanishi, kutanthauza choyera, chifukwa mtsinjewo umayenda pa thanthwe la laimu. Ukaima m'madzi ofika m'chiuno umaona zala zako za kumapazi. Anatchinga mtsinje ndi timadamu tatifupi, ndiye madzi amadikha ngati dziwe kenako n'kusefukira pakhoma. Ana anathamangira momwemo osavula ndi nsapato zomwe. Ine ndinaima pamtunda, maso ali pa chikuni china chimene chimayandama kutsidya. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali kudikira kuti chiphethire. Mayi a kunyumba anaseka mpaka kukhala pansi, amvekere, "Bambo, uyu si Shire." Mutu umadziwa ndithu kuti ng'ona kulibe, koma miyendo imene inakulira pa dooko lathu lija imakana. Ukukumbuka mmene agogo ako ankatiponyetsera miyala m'madzi tisanatunge? Ndinatola kamwala n'kuponya mwakabisira, kenako ndinalowa. Chimene chinatuluka pa chikunipo ndi nkhasi ziwiri zimene zimaothera dzuwa.

Pakhoma la damu pali ndere zoterera koopsa. Ndinafuna kuonetsa ana kuti bambo awo ndi mwana wa kumadzi, ndipo ndinagwa chagada pamaso pa anthu. Chigongono chikupwetekabe.

Madzulo tinayenda kanjira ka m'mbali mwa mtsinje, pansi pa mitengo ya pecan ndi cypress. Sikatopetsa, munthu wokwera Mulanje angati tikuseweretsa nsapato. Chinandigwira mtima ndi chinyumba cha miyala chopumuliramo chili pamtunda. Anachimanga m'zaka za 1933 ndi 1934 ndi anthu a Civilian Conservation Corps, gulu limene boma la Roosevelt, pulezidenti wa dziko la America wa nthawiyo, linakhazikitsa kuti anthu osowa ntchito apeze pogwira pa nthawi ya umphawi waukulu uja. Tingoti ntchito za m'midzi zolipidwa ndi boma ngati za kwathu zija, koma miyala anaiyala moti mpaka lero sinasunthe. Ndinaisisita ndi dzanja, ndikuganiza za mlatho wa kumudzi uja umene sunaone dzinja lachiwiri.

Usaganize kuti mtsinjewu ndi wofatsa. Mu Meyi 2015 unadzaza usiku umodzi, n'kuzula mitengo ikuluikulu, kuwononga pakiyi mpaka anaitseka, ndipo kumunsi ku Wimberley unakokolola nyumba ndi kupha anthu. Dothi la dera lino ndi lochepa, pansi pake ndi mwala, ndiye mvula ikagwa kumtunda madzi salowa pansi, amangotsetserekera mu mtsinje onse nthawi imodzi. Usiku ndili gone mu tenti ndinkadzidzimuka n'kuyang'ana za nyengo pa foni. Ndinkadziseka ndekha kuti ndalipira ndalama kuti ndigone mu tenti m'mbali mwa mtsinje, pamene iwe unagonamo miyezi ku kampu nthawi ya Freddy usakufuna. Ndikhululukire, koma zinandibwerera ndithu.

Nsima tinaphika pa mbaula, ndiwo yake usipa uja unatumiza. Fungo litafika kwa oyandikana nafe, bambo wina wachikulire anabwera kudzafunsa ngati ndi nyambo yowedzera. Analawa, n'kupempha wina. Wotsalawo anatha ndi kanyama kotchedwa raccoon, kakuba kokhala ndi timanja ngati ta mwana, kamene kanatsegula chidebe tili m'tulo.

Akuti nyengo yozizira amathiramo nsomba za trout, ndipo mkati mwa paki umawedza popanda laisensi. Tikufuna kubwererako mu Januwale. Ukapeza wobwera kuno, unditumizirenso usipa ndi tsabola wa kambuzi. Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti mwana wawo akuopabe zikuni.

Ndine mnzako wa pa dooko.