Ndinamulanda mwana buku lachikondi koma ndaliwerenga ndekha mpaka kumapeto

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 35, ndikulemba kuchokera ku Ngabu kuno ku Chikwawa. Ndimapanga geni ya nsomba, ndimakapikula mlamba wowamba ku Bangula nkumadzagulitsa pamsika. Ndikulera mwana wa malemu achemwali anga, mtsikana wa zaka 16 ali fomu 3, ndinamutenga ali ndi zaka 5 nde amangonditcha amayi basi.

Sabata ziwiri zapitazo ndimati ndimuchapire chikwama cha kusukulu, ndinapezamo buku lachizungu, chikuto chake chong'ambika chomatamata ndi selotepi, pamwamba mnyamata ndi mtsikana agwirana manja. Mutu wanga unaima. Kumufunsa akuti wabwereka kwa mnzake, achimwene ake a mnzakeyo anagula kwa mavenda ku Limbe ndipo likuzungulira kalasi yonse aliyense masiku atatu. Ndinamukalipira kwambiri kuti chaka chamawa ukulemba MSCE iwe uli kalikiliki ndi zachibwenzi, nkulanda bukulo kukalibisa kunsi kwa matiresi.

Nde inu mukudziwa mmene kumatenthera kuchigwa kuno mwezi wa Okutobala, m'nyumba simugoneka timangoyala mphasa panja. Tulo titakana ndinalitulutsa kuti ndione zoipa zimene zilimo ndipeze pomudzudzulira bwino. Ine sukulu ndinalekeza fomu 2, mawu ena ndimangowadumpha, koma ndi tochi ya pafoni ndinawerenga mpaka tambala woyamba kulira, mawa lake chimodzimodzi, pakutha masiku 6 ndalimaliza, ndalama ya kotchajitsa foni yokha inandithera.

Ndi nkhani ya ana a sekondale ku America, onse a zaka 17. Mtsikana wake mayi ake anamwalira ndipo pakhomo palibe amene amaitchula nkhaniyo, mnyamata uja ndi yekhayo amene amakhala naye pansi nkumumvetsera. Pali pena pamene mtsikanayo wapeza diresi ya mayi ake m'sutikesi nkuyamba kuinunkhiza kuti mwina fungo lawo likadalimo. Azakhali ndinalira. Ndipo tsamba limenelo linali lopinda pakona, m'mbali mwake wina analemba ndi pensulo timawu tiwiri, "ngati ine". Kalembedwe ka mwana wanga ndimakadziwa, ndine ndinamugwira dzanja ali sitandade 1. Zaka 11 ndakhala naye nyumba imodzi, ndamulipirira fizi, ndamuveka, koma sanandiuzepo nkamodzi komwe kuti amawasowa mayi ake, nanenso sindinamufunsepo chifukwa ndimaopa kumukumbutsa. Buku lobwereka ndi limene walitsegulira mtima.

Zikanathera pamenepo bwenzi nditamubwezera tsiku lomwelo. Koma mnyamata wa m'bukumo ndi wansanje yoopsa. Amatenga foni ya mtsikanayo nkumawerenga mameseji, anamenya mnzake chifukwa chongomuperekeza, amakwiya akamacheza ndi atsikana anzake, akalakwa amabwera usiku pazenera ndi maluwa nkulira, mtsikana nkukhululuka, ndipo wolembayo wazikonza ngati chimenecho ndiye chikondi chenicheni. Pomaliza ali limodzi, osangalala, mnyamata osasintha kalikonse.

Mnyamata ameneyu ine ndikumudziwa. Ndinakwatiwa mu 2006 ndili ndi zaka 16 ngati mwanayu, nthawi imeneyo lamulo lakuti ukwati ndi zaka 18 kunalibe, linadzabwera mu 2015. Bambo amene ananditenga ankandidikira pamjigo tsiku ndi tsiku, ndikapereka moni kwa mwamuna aliyense olo aphunzitsi anga ankatupa nkhope, ine nkumanyadira kwa anzanga kuti taonani mmene amandikondera. Nsanje yomweyo inadzasanduka zibakera, ukwati unatha koma chipsera chili pamwamba pa diso langa lakumanzere mpaka lero. Nde chimene chikundiopsa kwambiri nchakuti powerenga paja, ndikudziwa zonsezi, mtima wanga umagundabe mnyamatayo akafika pazenera, ndimafunitsitsa kuti mtsikanayo amutsegulire. Ngati ine wa chipsera landikoka chonchi, nanga mwana amene sanaone kanthu? Anzake awiri amene anali nawo kupulayimale anakwatiwa atangodutsa namondwe wa Freddy uja mu 2023, pano abereka ana kumbuyo, sindikufuna wanga adzere njira imeneyo.

Pano pakhomo pavuta. Mwana akungoyankha kuti eya kapena ayi, anzake akumuvutitsa kuti abweze buku chifukwa ena ali pamzere kudikira. Mayi wina wa kumpingo kwathu nditamuuza anati ndingoliponya pamoto, koma si langa, komanso mmene ndaonera timawu ta pensulo tija manja anga sangathe. Chinanso kwathu kuno nkhani za anyamata sakamba ndi mayi wako, amakamba azakhali kapena anankungwi, koma azakhali ake ali ku Nsanje ndipo chimwalirire achemwali anga sanabwereko kudzamuona.

Ndithandizeni Azakhali. Kodi ndimuululire kuti ndawerenga buku lake lonse komanso ndaona zimene analemba, sadzaona ngati ndamulowerera m'zinsinsi zake nkusiya kundikhulupirira? Ndingathe kumufotokozera ndekha za ukwati wanga ndi mmene chipsera ichi chinabwerera, poti iye amadziwa kuti ndinagwa panjinga? Ndipo ndikamubwezera ndinene chani za mnyamata uja kuti andimve, asaone ngati ndikungonyoza chinthu chimene iye wachikonda? Bukulo likadali kunsi kwa matiresi, mnzake wati Lolemba akulifuna.

Ine Mayi wothedwa nzeru,
Ngabu, Chikwawa