Chilengezo: Zokambirana za buku la azimayi akazitape

Kwa mamembala onse a gulu lowerenga mabuku,

Loweruka likudzali, 2 koloko masana, tidzakumana pamalo athu a nthawi zonse, kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, kuti tikambirane buku lonena za azimayi otayipa makalata ku CIA, bungwe la ukazitape la dziko la America, omwe anasanduka akazitape. Nkhaniyi ndi yopeka, koma maziko ake ndi enieni: mu 1958 bungweli linasindikiza mwachinsinsi buku la mlembi wa ku Russia, Boris Pasternak, loletsedwa ku Soviet Union, n'kuligawa pachionetsero chachikulu cha zinthu za mayiko osiyanasiyana ku Brussels, m'dziko la Belgium. Akuluakulu amene mukukumbukira lamulo lathu la 1968 lounika mabuku, mudzatifotokozere mmene anthu ankabisira oletsedwawo.

Aliyense abwere ndi buku lake, cholembera ndi K2,000 ya zoziziritsa kukhosi, ndipo amene munabwereka mabuku a gulu mudzabweze, ngakhale chikuto chitang'ambika. Tsimikizani za kubwera kwanu pofika Lachinayi.