Kalata yotseguka kwa Phungu wa dera lathu kuno ku Kasungu, pa nkhani ya magemu achiwawa ndi ana athu

Olemekezeka a Phungu,

Landirani moni. Ndine mphunzitsi wa Sitandade 4 pa sukulu ina yapulayimale ya m'dera lanu, komanso ndine kholo. Kalata ino ndaiika poyera chifukwa ziwiri zimene ndinalemba mwakachetechete sizinayankhidwe. Yoyamba ndinaipereka m'manja mwa mnyamata amene amakuyendetserani zinthu kuno kumudzi. Yachiwiri tinasayina makolo 14 a m'komiti ya sukulu. Pa maliro a mayi awo a amfumu ndinakugwirani dzanja n'kukukumbutsani, inu munati, "Madamu, ndamva, tikhala pansi." Kuchokera tsiku limenelo padutsa materemu awiri.

M'nyumba mwanga ndikulera mnyamata wa zaka 9, mwana wa malemu mng'ono wanga. Amanditcha mayi, ndipo ndinedi mayi ake. Mu Juni, nthawi imene ndalama za fodya zimayamba kuoneka pamsika, mwanayu anayamba kudzuka pakati pa usiku akukuwa, atagwira khosi lake ndi manja awiri. Anayambiranso kukodza pamphasa, zimene anasiya ali ndi zaka 4. Ndinkayesa malungo, koma kuchipatala atamuyeza sanamupeze nawo. Anansi ena anayamba kunong'ona za ufiti, ena n'kumati ndipite naye ku mapemphero a usiku. Ndikamufunsa chimene walota ankangoyang'ana pansi. Kenaka ndinaona kuti m'chitini momwe ndimasunga ndalama ya kuchigayo mukuchepa, lero K200, mawa K500. Kusukulu nako anyamata angapo ankati akatuluka pa buleki sabweranso m'kalasi. Tsiku lina Lachitatu ndinasiyira kalasi mnzanga n'kuwalondola.

Kumsika, kuseri kwa mashopu, pakati pa malo ometera tsitsi ndi pomwe amaika nyimbo m'mafoni, pali kachipinda ka malata kopanda windo. Pakhomo anatchingapo matumba a feteleza osokedwa pamodzi. M'katimo muli mdima ndi fungo la thukuta, ma TV awiri ndi ma PlayStation awiri, zonse zoyendera sola ndi batire ya galimoto. Ndinawerenga ana 23, ambiri atavala yunifolomu, makope atawapinda m'matumba a akabudula. Wamng'ono pa onse anali wa Sitandade 1, atakhala pa njerwa kutsogolo, akuonera ulere chifukwa oonerera salipira.

Pa TV imodzi panali gemu yotchedwa Mortal Kombat. Anthu awiri anali kumenyana, mmodzi n'kufooka, akungodzandira ataima. Wopambanayo anamugwira, n'kumuzula mutu pamodzi ndi fupa lamsana, magazi kuti phwaa pa sikirini yonse. Ana onse anakuwa, "Wamumaliza! Wamumaliza!" Amene anali atagwira padi, amene anadina mabatani kuti mutu uja uzuke, anali mwana wanga. Anzake ankamumenya pamsana momuyamikira, koma iye sankaseka. Maso anali atatong'ola, milomo ili gwa. Pamenepo ndinadziwa chimene ankagwirira khosi usiku. Pa TV inayo panali Grand Theft Auto, mwana wina wa m'kalasi mwanga akugunda anthu oyenda pansi ndi galimoto yakuba, kenaka n'kutsika, kumenya mzimayi mpaka kugwa, n'kutola ndalama zake.

Mwini malowo ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha. Analemba MSCE, ntchito sanaipeze, amalume ake anamugulira makinawo ku Lilongwe kuti azipeza ya sopo. Atandiona anaimirira mwaulemu n'kuvula chipewa. Pakhoma anamatapo chithunzi cha pachikuto cha gemu ija, ndipo pakona pake panali kabokosi kofiira kolembedwa 18. Ndinaloza n'kumufunsa tanthauzo lake. Anayankha ndi mtima woona, "Madamu, imeneyo ndi nambala ya gemuyo, ngati mmene ilili FIFA 18." Sanali kunama. Palibe anamuuzapo, kaya amene anamugulitsa makinawo, kaya amene amatolera ndalama ya msika pakhomo pake tsiku ndi tsiku.

Olemekezeka, nambala imeneyo ndi chenjezo, ndipo inaikidwa mayiko ena atakangana kale mkangano umene ife tikuuzengereza. Mortal Kombat yoyamba inatuluka mu 1992, ndipo mu 1993 aphungu a nyumba ya Senate ku America anaitanitsa opanga magemu kuti akafotokoze za magazi amenewa. Chotsatira chake, mu 1994 kunakhazikitsidwa bungwe la ESRB, limene limaika zilembo pa gemu iliyonse: E ya aliyense, T ya achinyamata, M ya oyambira zaka 17. Ku Ulaya kuyambira mu 2003 akugwiritsa ntchito PEGI, ya manambala 3, 7, 12, 16 ndi 18, ndipo kabokosi kofiira kamene ndinaona pakhoma paja ndi kawo. Kumbuyo kwa chikuto amaikanso tizithunzi, monga chibakera, kusonyeza kuti muli zachiwawa. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri a ku Kasungu amapita kukagwira ntchito n'kumatumiza mafoni ndi makina amenewa, kuli Film and Publication Board, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, imene imaika malire a zaka pa magemu monga imachitira ndi mafilimu. Choncho ntchito yovuta, yoonera gemu iliyonse n'kugamula msinkhu woyenera, anatigwirira kale anzathu. Chizindikirocho chimafika mpaka pa khoma la malata kumsika kwathu, koma chikafika kuno chimangokhala chokongoletsa, chifukwa palibe akuchidziwa ndipo palibe akufunsa.

Ife lamulo lathu loona za mafilimu ndi zosangalatsa, limene linakhazikitsa Censorship Board, ndi la 1968. Linalembedwa dziko lino lisanakhale n'komwe ndi wailesi yakanema yakeyake, imene inadzatsegulidwa mu 1999. Olemba ake ankaganiza za makanema a m'maholo, mabuku, masewero a pasiteji ndi nyimbo. Sakanalota za mwana wa zaka 9 amene akudina yekha batani lozulira mutu wa munthu. Kuonera filimu ndi kwina, kusewera ndi kwinanso, pakuti m'gemu wochita ndi mwanayo, ndipo akachita bwino amapatsidwa mapointi ndi kuombedwa m'manja.

Ndisamveke molakwika. Sindikupempha kuti magemu aletsedwe m'Malawi, kapena kuti apolisi akalande makina a mnyamata uja. Ife a ku Kasungu, kwawo kwa Kamuzu, tikukumbuka bwino nthawi imene lamulo lomweli linkagwiritsidwa ntchito kutseka anthu pakamwa, mabuku ndi nyimbo n'kumaletsedwa, olemba ena n'kukathera ku Mikuyu. Zimenezo sindikuzifuna, ndipo ndingakhale woyamba kuzikana. Wamkulu amene akufuna kusewera gemu ya magazi m'nyumba mwake asewere. Ndinaonanso ana omwewo akusewera gemu ya mpira, akuseka, akukangana za zigoli, ndipo sindinaonepo choipa kupatula kuti inali nthawi ya kalasi. Sindinenanso kuti aliyense wosewera zoterezi adzakhala chigawenga, poti ngakhale akatswiri ofufuza sagwirizana pa mfundo imeneyo. Ine ndikunena zimene ndinaona pamphasa ya mwana wanga kwa miyezi iwiri, ndiponso kuti opanga gemuyo eni ake anavomera kulembapo kuti si ya ana.

Ndipo si kachipinda kamodzi. M'misika ya m'mbali mwa M1 zilimo, ena amaziphatikiza ndi vidiyo sho. M'mafoni muli Free Fire ndi PUBG, magemu owomberana mfuti, ndipo ana amagawana pa memole khadi kapena kutumizirana foni ndi foni, osadutsa n'komwe pa Play Store pomwe pamalembedwa msinkhu. Makolo ambiri kuno Chingelezi sawerenga, akaona mwana ali phee ndi foni amathokoza kuti sakuyendayenda. Pabwalo la sukulu ana ayamba sewero lomwe akulitcha "kumalizana", ndipo wina tinamutengera kuchipatala atang'ambika mlomo. Mayi wina anapeza chimanga chikuchepa m'thumba, mwana akugulitsa mbale imodziimodzi kuti apeze ya gemu. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linaika chizolowezi chosalamulirika cha magemu pa mndandanda wa matenda. Ife aphunzitsi timangochiona pa kaundula wa ojomba.

Tinayesa zathu. Tinapita kwa amfumu, iwo anaitana eni malo, eni malo anafunsa kuti, "Lamulo lake ndi liti?" ndipo pabwalo panati zii. Wa komiti ya msika anati iye ntchito yake ndi kutolera ndalama. Ine ndinapita ndekha kukapempha mnyamata uja kuti asamalowetse ana a yunifolomu, anavomera, koma patatha sabata ana anaphunzira kuvula shati n'kuiika m'jumbo. Mnyamatayo anandiuza molira kuti akawabweza amangopita kwa mnzake wa kuseri, iye n'kugona ndi njala. Ndinamumvetsa. Chinthu chimene sichikumanga onse sichingamange mmodzi.

Pano ndiye mundikhululukire, Olemekezeka, ndilankhule zakukhosi. Nthawi ya kampeni munaima pabwalo la sukulu yathu yomweyi, pansi pa mtengo wa mango, ife aphunzitsi titakutulutsirani madesiki. Munalonjeza malo a achinyamata okhala ndi laibulale ndi makompyuta. Munalonjeza zigoli zachitsulo ndi bwalo la netibo. Chimene chinafika ndi mipira iwiri ndi chikho cha bonanza, ndipo mipirayo inaphulika mvula isanagwe. Zigoli zathu zikadali za mitengo ya bulugamu imene chiswe chikudya. Mwana akaweruka, kapena akathawa, apite kuti? Malo okhawo amene amamulandira ndi manja awiri m'dera lonse lino ndi kachipinda kamdima kaja. Sindikukumbutsa izi kuti ndikuchititseni manyazi. Ndinakuvoterani, ndipo ndinauza ena kuti akuvotereni, n'chifukwa chake zikundiwawa.

Nyumba ya Malamulo imene mumakhalamo inachitapo zazikulu pa nkhani ya ana. Mu 2010 inakhazikitsa lamulo losamalira ndi kuteteza ana, ndipo mu 2017 inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wogulitsa mowa amadziwa kuti sayenera kugulitsa kwa mwana, ndipo ngakhale ena amaphwanya, kholo limakhala ndi poyambira likafuna kudandaula. Pa magemu ife tilibe poyambira.

Ndiye pempho langa ndi ili. Nyumba ikadzakumananso, imirirani mufunse nduna yoona za chikhalidwe ngati lamulo la 1968 likukhudza magemu a pa TV ndi a m'mafoni, ndipo ngati silikukhudza, inene tsiku limene idzabweretse losinthidwa. M'lamulo latsopanolo musavutike kuyambitsa zachilendo: livomereze zizindikiro za PEGI ndi ESRB zimene zili kale pa zikuto, linene kuti ndi mlandu kuseweretsa kapena kuonetsa mwana gemu ya 18 pa malo a malonda, ndipo lilembedwe mosamala kuti wina asadzalitenge n'kumatsekera nalo pakamwa oimba ndi olemba. Koma za ku Lilongwe zimatenga zaka, pamene mwana wanga akukula lero. Mawu anu ku khonsolo ya Kasungu amamveka kuposa anga. Kapempheni kuti aliyense wotsegula malo a magemu azipatsidwa chiphaso chokhala ndi mfundo zomveka: ana asalowe nthawi ya sukulu, magemu a 16 ndi 18 asaseweredwe pamene pali ana, ndipo pakhomo pakhale chikwangwani cha m'Chichewa chofotokoza manambala aja. Eni malowo aitanidwe kaye, aphunzitsidwe, asanayambe kulipitsidwa chindapusa, chifukwa ambiri ali ngati mnyamata wa kumsika uja, sakudziwa. Chikwangwanicho ife aphunzitsi tikhoza kuchimasulira ndi kuchilemba tokha popanda malipiro, ndipo tikhoza kuchifotokoza pa misonkhano ya makolo ndi pa wailesi za m'dera, mukangotitsegulira khomo.

Mwana wanga tsopano akugona bwinoko, ngakhale masiku ena amapemphabe kuti nyali isazimitsidwe. Wa Sitandade 1 uja ndinamuonanso sabata yatha, ali pa njerwa yomwe ija. Tsiku la msika kwathu ndi Lachitatu, ndipo ana amadzaza m'kachipindamo kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa. Bwerani popanda kudziwitsa aliyense, galimoto muisiye patali. Mnyamata wanu uja akudziwa kalasi yanga, akandiitane, ndidzakuperekezani ndekha mpaka pa matumba a feteleza aja.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Sitandade 4 komanso kholo,
Kasungu